Chakudya chamadzulo cha magawo atatu ku Senga Bay, tili ndi ana: mwaona bwanji anzanga?

Mayi a Chisomo: Moni nonse m'gulu muno. Munati ndikabwerako ndidzafotokoze, ndiye nkhani yake nayi. Loweruka lapitali tinakadya madzulo pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay, imodzi mwa zija zimalengeza kuti ndi za mabanja. Dzina sinditchula, chifukwa pali zina zomwe ndidandaule ndipo sindikufuna kuti wantchito wina akaone mavuto chifukwa cha ine. Tinalipo ine, bambo a kunyumba, apongozi anga aakazi ndi ana awiri, wa zaka 8 ndi wa zaka 3. Akuluakulufe tinasankha chakudya chija cha mtengo umodzi: choyambira, chachikulu, kenako chotsekemera.

Choyambira inali supu ya maungu ndi kabanzi kotentha. Pamaso inali yokongola ndithu, koma pakamwa dzungu silimamveka, chomwe chimamveka ndi fulawa ndi mchere. Apongozi analawa kawiri n'kuikankhira pambali. Bambo anatenga timapiko ta nkhuku ta tsabola, timeneto tinali bwino.

Chachikulu ndiye ndilibe nacho chotsutsa. Chambo chathunthu chowotcha pa makala, anachicheka mizere m'mbali n'kupakamo adyo, ndimu ndi kambuzi pang'ono. Khungu linauma bwino, mkati muli mofewa, mnofu ukuchoka wokha pa minga. Ine ndinadyera mpunga wa Kilombero, umamveka fungo mbale isanafike patebulo. Apongozi anapempha nsima, inabwera yotentha, ya ufa woyera, ndi nkhwani wotendera woti wophikayo amadziwa chomwe akuchita: nsinjiro zokwanira, masamba osapsereza. Anabweretsanso beseni ndi madzi ofunda osamba m'manja osachita kuwakumbutsa. Apongozi anamaliza mpaka mutu, ndipo amene mumawadziwa anthu a ku Nkhotakota pa nkhani ya nsomba mukudziwa kuti sayamikira wamba.

Chotsekemera ndi chomwe chinandiwawa mtima. Mapichesi a m'chitini ndi ayisikilimu. Mwezi wa Disembala, ku Salima, pomwe pa geti pa hotela pomwepo amayi akhala ndi madengu a maboloma.

Koma chachikulu chomwe ndabwerera kuno ndi cha ana. Menyu yawo ndi tchipisi ndi soseji, tchipisi ndi nkhuku, tchipisi ndi baga, basi. Tinaitanitsa isanakwane 7 koloko, chakudya cha ana chinabwera limodzi ndi chambo chathu cha m'ma 8:30. Wamng'ono anali atagona kale pamiyendo panga atangodya theka la banzi la supu ija. Katungwe alipo, dziwe losambira la ana lilipo, koma kwa ine hotela ya mabanja imaoneka pa mbale ya mwana ndi nthawi yomwe mbaleyo yafika.

Nangozo: Pepani achemwali, za mwana kugona ndi njalazo zandikhudza. Ifenso zinatichitikira ku Mangochi chaka chatha. Ana amadikira ngati akuluakulu pomwe iwo tsiku lonse akhala akusambira.

Bambo Mbewe: Mayi a Chisomo, zikomo potifotokozera, koma pa za tchipisi ndisiyana nanu. Mwana nsima amadya kunyumba Lolemba mpaka Lamlungu. Mukamutengera ku hotela akufuna chomwe kunyumba sachiona. Anga mukawapatsa nkhwani ku hotela akhoza kulira. Komanso ine ndemwe, kulipira ndalama zonsezo kuti ndidye nsima ndi nkhwani? Zimenezo ndimadya kwa mayi anga ku Mitundu osalipira.

Mayi a Chisomo: Bambo Mbewe, tchipisi sindikudana nacho ayi, chikhalepo. Ndikuti pakhalenso china. Tinagona kumeneko, ndiye mwana wanga wamkulu anadya tchipisi masana, tchipisi madzulo, tchipisi mawa lake. Kamtanda ka nsima ndi kachidutswa ka nsomba kopanda minga, kapena mpunga ndi nyemba, zikanawavuta chiyani? Ndipo pa zonse zomwe tinadya usiku umene uja, zomwe zinakoma ndi zomwezo mukuti za kwa mayi anuzo. Zomwe anatengera kwa azungu, supu ndi mapichesi, ndi zomwe zinatsala m'mbale.

Malume Shefu: Ndiloleni ndiyankhe ngati munthu amene ndakalambira m'khitchini za m'mahotela, ku Blantyre ndi kunyanja komwe. Mwana wanga, zomwe mwafotokozazi ndazizindikira zonse.

Ndiyambe ndi kuchedwa kwa chakudya cha ana. Weta akafika patebulo amalemba zonse pa kapepala kamodzi. Kapepalako kakafika kukhitchini timagawa: zoyambira zituluke kaye, zikabwerako mbale ndiye tiyambe zachikulu. Tchipisi cha mwana timachiwerenga ngati chachikulu, ndiye chimadikira chambo cha bambo ake. Chambo chathunthu pa makala chimafuna nthawi, ndipo Loweruka madzulo chowotchera chimakhala chodzaza ndi nsomba za matebulo ena. Tchipisicho pachokha n'chosatenga mphindi 15. Mankhwala ake ndi osavuta: mukangokhala pansi muuzeni weta kuti za ana alembe pa kapepala kapadera, zituluke limodzi ndi supu kapena isanatuluke n'komwe. Hotela yodziwa ntchito imaphunzitsa maweta kufunsa okha funso limeneli. Mlandu si wa wetayo, ndi wa amene anamulemba ntchito osamuphunzitsa.

Za supu. Chakudya cha mtengo umodzi chimakonzedwa kuti khitchini isavutike. Supu imaphikidwa m'mawa mumphika waukulu, chotsekemera n'chongochota, chomwe chimaphikidwa inu mutafika ndi chachikulu chokha. N'chifukwa chake chachikulucho ndi chomwe chimakoma. Alendo akachuluka kuposa momwe amayembekezera, supu amaiwonjezera madzi ndi fulawa kuti ikwane. Supu ya maungu yeniyeni dzungu umayamba waliwotcha mu uvuni kuti shuga wake atuluke, kenako anyezi, jinja pang'ono, n'kupera. Fulawa safunikamo, dzungu limalimbitsa lokha.

Nangozo: Malume, zimenezi bwenzi mutatiuza kalekale. Nanga za mapichesizo? Mango ali pakhomo, iwo n'kukatsegula chitini chochokera kunja?

Malume Shefu: Apo ndiye pali nkhani ya ofesi, osati ya wophika. Hotela yaikulu imakhala ndi munthu wogula katundu, ndipo a zachuma amafuna lisiti ija ya bungwe lotolera misonkho la MRA pa china chilichonse. Sitolo yaikulu ya ku Lilongwe imapereka lisiti, imaperekanso katundu pangongole mpaka kutha kwa mwezi. Mayi wa dengu la mango pa geti alibe lisiti ndipo akufuna ndalama yake lero. Chitini sichiwola, chimakhala m'sitolo miyezi, ndipo aliyense akhoza kuchitsegula ngakhale shefu atapita kumaliro. Mango amafuna munthu woti asankhe, asende, adule, ndipo mawa aphwanyika. Sindikuvomereza ayi, ndikungofotokoza. Komwe ndinagwira komaliza tinkapempha kandalama kapadera ka kumsika, n'kumalemba m'buku amayi asayina, ndipo zinkatheka bwinobwino.

Naphiri wa ku Area 18: Ndiye ndi ndalama zakunja zikusowazi tizigulira mapichesi? Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha m'chitini chinakwera moti sitikuchiyandikira m'masitolo. Ndiye kuti mtengo umenewo akuuika pa mbale yathu yomweyo. Ku Salima komweko kuli kampani ya Malawi Mangoes yomwe imatumiza mango kunja, azungu akudya mango a ku Salima kwawo, ife ku Salimako tikudya mapichesi. Malambe aliponso, mtedza wa makadamiya ulimidwa ku Thyolo, nthochi, mapapaya, chinanazi cha ku Mulanje. Ngakhale chigumu chotentha ndi tiyi wa Satemwa bwenzi ndikuombera m'manja.

Bambo Mbewe: Pa mango ndagonja, palibe chokana. Koma chigumu ku hotela, mayi, mlendo wochokera ku Germany adya?

Naphiri wa ku Area 18: Mlendoyo wakwera ndege ulendo wonsewo kudzadya mapichesi omwe wawasiya kwawo? Ndipo tayang'anani bwino amene amadzaza mahotela a ku Senga Bay pa Khirisimasi ndi pa Isitala. Ndi ifeyo a ku Lilongwe, ndi anthu a misonkhano mkati mwa sabata.

Mnyamata wa ku Lifuwu: Akuluakulu, ine ndine mwana wa msodzi, kwathu ndi kufupi ndi komwe mayi anakadyako. Funso langa ndi lakuti chambocho chinachokera kuti? Miyezi ya Novembala ndi Disembala boma limatseka nyanja kwa makoka ena chifukwa ndi nthawi yomwe chambo chimaswana. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa. Mukagwira chimodzi nthawi imeneyi mwapha ndi tiana tonse tomwe chanyamula. Mu 2018 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mitundu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Bambo anga amati kale khoka limodzi linkadzaza bwato, lero amabwerako ndi usipa ndi utaka basi, ndipo pamsika mumaona kasawala, tiana ta chambo tosakwana chikhatho, tikugulitsidwa poyera.

Sindikuti hotelayo yalakwa. Chikhoza kukhala choweta, monga cha m'makhola a m'madzi a Maldeco ku Mangochi, kapena chomwe anagula nyanja isanatsekedwe n'kusunga mufiriji. Mwinanso ndi makumba a m'madamu, omwe anthu ambiri a m'tauni sawasiyanitsa ndi chambo akawotchedwa. Ndikungopempha kuti tizifunsa. Alendo akamafunsa, ogula nsomba a hotela amayamba kusamala komwe akugula.

Mayi a Chisomo: Achimwene, apongozi anafunsa ndithu, mwa chizolowezi chawo. Weta anapita kukafunsa kukhitchini, anabwera n'kunena kuti ndi choweta. Apongozi anati n'zoona, chifukwa chinali ndi mafuta ambiri m'mimba kuposa cha m'nyanja, komanso zitatu zonse zinali zofanana msinkhu.

Malume Shefu: Amayiwo amaidziwa nsomba. Choweta chimanona chifukwa chimadya chakudya chopatsidwa ndipo sichiyenda mtunda. Pa makala mafutawo amathandiza, sichiuma msanga. Cha m'nyanja mnofu wake ndi wothina, kukoma kwake n'kwina, ndipo chophika ndi matimati ndi anyezi palibe chofanana nacho. Chomwe muyenera kukana ndi chomwe chakhalitsa mufiriji: mnofu umachita madzimadzi, umanyenyeka mukaugwira ndi foloko, maso alowa mkati.

Ndipo pa za ana zija, nsomba yabwino kwa mwana ndi kampango. Alibe timinga ting'onoting'ono, mnofu ndi wochuluka, umadula zidutswa n'kukazinga pang'ono. Ndinkapangira ana a alendo ndi mbatata yophika yoponda, mbale zinkabwerera zoyera.

Mnyamata wa ku Lifuwu: Zikomo mayi, ndasangalala kuti anayankha osabisa. Amene mukufuna kuona kuti kutseka nyanja kumathandiza, funsani za chilumba cha Mbenji ku Salima konkuno. Kumeneko ndi a Senior Chief Makanjira ndi anthu awo amene amatseka okha nyengo ya mvula, asodzi onse amachoka pachilumbapo, ndipo mwambowu unayamba kalekale m'zaka za m'ma 1950. Akatsegula nsomba zake zimakhala zikuluzikulu. Komanso mayi, mpunga munadyawo mwina si wa ku Karonga ayi. Kilombero timalimanso konkuno, ku Lifuwu kuli malo a kafukufuku wa mpunga.

Abiti Mussa: Salaam nonse. Ine funso langa ndi la soseji ya anayo. Ndi ya ng'ombe kapena ya nkhumba? Ndipo amakazingira m'mafuta omwewo a tchipisi? Ku Salima ndi ku Mangochi Asilamu tilipo ambiri, koma mahotela ena menyu yawo salemba chilichonse. Ife tikafika timayang'ana kaye chiphaso cha halal cha Muslim Association of Malawi pakhoma. Ngati palibe, tonse timadya nsomba, ndipo ana amadandaula chifukwa menyu yawo yonse ndi nyama.

Mayi a Chisomo: Abiti, pa menyu sanalembe kuti soseji ndi ya chiyani, ndipo pa chakudya cham'mawa panali nyama ya nkhumba. Ndiye mukapita muyambe mwaimba foni. Apanso mukuona kuti kampango wa Malume uja akanathandiza ana anu ndi anga omwe.

Malume Shefu: Abiti, funsani mafunso awiri: nyama amagula kuti, ndipo ali ndi chiwaya chapadera cha tchipisi chokha? Khitchini zambiri zili ndi chokazingira chimodzi, soseji, nkhuku, tchipisi zonse mommo. Woyang'anira khitchini woona mtima akuuzani. Akayamba kuzungulira, itanitsani nsomba yowotcha ndi mpunga.

Bambo Mbewe: Nanga bilu inabwera bwanji? Paja pamenepo ndi pomwe ambirife timakomokera.

Mayi a Chisomo: Mtengo wa pa menyu sunali womaliza. Pansi penipeni, m'timalemba tating'ono, analemba kuti msonkho ndi wapadera. Pa bilu anawonjezera VAT ndi 1 peresenti ya zokopa alendo. Zakumwa nazo n'zapadera, ndipo Fanta wa mwana mtengo wake unaposa kawiri wa kugolosale. Chomwe ndinaona n'chakuti chambo chomwecho pachokha, popanda supu ndi mapichesi, chinalipo pa menyu ina pa mtengo wotsikirapo ndithu. Ndikadzapitanso ndidzatenga chimenecho, ndalama yotsalayo ndidzagulire ana mango pa geti.

Naphiri wa ku Area 18: Msonkhowo ndi wa boma, hotela siingauthawe. Chomwe chimandinyansa ndi kusauphatikiza pa mtengo wolembedwa. Munthu wawerengera ndalama zake kunyumba, wabwera ndi banja lonse, n'kudzachita manyazi pamaso pa apongozi. Alembe mtengo wonse, munthu asankhe akudziwa.

Nangozo: Weta munamusiyira kanthu?

Mayi a Chisomo: Eya, ndipo ndinamupatsa m'manja mwake. Anali mtsikana waulemu kwambiri. Ataona kuti mwana wagona anabweretsa mipando iwiri n'kuiphatikiza, anayalapo nsalu ya patebulo yoyera kuti ndimugoneke ndidye bwino. Chakudya cha mwanayo anachikulunga kuti tipite nacho kuchipinda. Apongozi amawatchula kuti agogo, n'kumagwada pang'ono popereka madzi. Zimenezi sanaphunzire ku hotela, anachoka nazo kwawo.

Malume Shefu: Mwachita bwino kumupatsa m'manja. Malipiro a ana amenewa ndi ochepa, ambiri ndi aganyu a nyengo ya Khirisimasi, Januwale akafika amawauza kuti adikire kunyumba. Ngati mungathe, mukalemba kwa bwana wa hoteloyo za kuchedwa kwa chakudya, mutchulenso zabwino za mtsikanayo m'kalata yomweyo, kuti mkwiyo wa bwana usagwere iye.

Achemwali a ku Joni: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete kuno ku Johannesburg. Tikubwera kumudzi sabata yamawa ndi ana atatu, wamng'ono ali ndi chaka chimodzi ndi theka, ndipo ndinalonjeza mayi anga kuti ndidzawatengera kunyanja, chibadwire sanagonepo mu hotela. Mayi a Chisomo, kampando kakatali ka mwana kalipo? Udzudzu bwanji? Ana angawa anabadwira kuno, malungo sakuwadziwa, ndiye ndili ndi nkhawa.

Mayi a Chisomo: Takulandirani achemwali. Timipando ta ana ndinaona tiwiri tokha m'chipinda chonse chodyera, ndipo tonse tinali ndi eni ake, ndiye mukamasungitsa malo munene kuti akusungireni kamodzi. Udzudzu ulipo, ino ndi nyengo ya mvula ndipo ndi kunyanja. Pansi pa tebulo anayatsa koyilo, koma ana muwaveke zamanja aatali ndi masokosi dzuwa likangolowa. M'zipinda maneti alimo. Pa za malungo kaonaneni ndi adokotala konko musananyamuke, akuuzeni za mankhwala oteteza. Mayi anuwo muwaitanitsire chambo ndi nsima, akasangalala.

Nangozo: Ndiwonjezere: pitani kukadya 6 koloko, anthu asanadzaze. Dzuwa limakhala likulowa, ana akadali maso, chowotchera chilibe mzere.

Bambo Mbewe: Ine ndikadali pa mawu anga akuti ana anga akafuna tchipisi. Koma za kapepala kapadera ndazitenga, ndipo mayi a kunyumba awerenga za kampango ndi mbatata yoponda, akuti ayesa Lamlungu. Malume, mbatata yake ya kholowa kapena ya kachewere?

Malume Shefu: Ya kholowa, yofiira mkati ija ngati mwaipeza. Muiphike ndi makoko ake kuti isamwe madzi, musende ikadali yotentha, muponde ndi kamajarini ndi mchere pang'ono. Kampango mumuthire ndimu ndi mchere, adikire mphindi 10, mumugubuduze mu ufa woyera wa nsima womwewu osati fulawa, kenako m'mafuta otentha bwino. Mbali iliyonse mphindi zitatu kapena zinayi malinga ndi kukula kwa chidutswa. Musanapereke kwa mwana pitanimo ndi zala, munga wa pakati umatha kutsalira.

Abiti Mussa: Malume, tsegulani malo anu odyera, tidzabwera ndi ana tonse.

Malume Shefu: Mawondo anakana, mwana wanga. Koma mdzukulu wanga akuphunzira zophika ku Malawi Institute of Tourism ku Blantyre, zonsezi ndikumutumizira awerenge.

Achemwali a ku Joni: Zikomo nonse. Funso lomaliza: titsikira ku Kamuzu International Airport masana, tingathe kufika ku Senga Bay tsiku lomwelo kusanade?

Mnyamata wa ku Lifuwu: Mufika achemwali. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Salima boma ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, kenako ena pafupifupi 20 kukafika ku Senga Bay. Muwerengere maola awiri, ndipo mvula ikagwa muyende pang'onopang'ono pa zitunda zija musanatsikire ku Salima. Njinga za kabaza zimachuluka kuyambira pa Kamuzu Road mpaka kunyanja, ndiye yesetsani kudutsapo kukuwala. Mafuta a galimoto muthire ku Lilongwe konko.